Maule ndi athu, koma kwawo nkuti?

Ndinakulira ku Ndirande, komwe mwana amadziwa kuti zofiira ndi zoyera ndi za Bullets asanadziwe nkomwe kulemba dzina lake. Tsiku la masewero, abambo, anyamata ngakhale amayi ogulitsa mandasi amatsetsereka wapansi kulowera ku Chichiri, nyimbo zili pakamwa. Koma funso langa ndi ili: kodi timu imene timaitcha ya anthu ndi ya anthudi?

Tiyambe ndi dzina. Timuyi inabadwa mu 1967 pamene osewera ena anachoka ku Wanderers. Kuchokera apo yakhala Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo mu 2023 kutsogolo kwa dzinali kunabwera FCB. Aliyense wobwera ndi ndalama amabweranso ndi dzina lake, ngati mwamuna wolowa chikamwini amene wafika nkusintha dzina la mudzi. Komatu mlendo ndi mame. Dzina limene silinasunthe ndi limene anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amaitanira timu yawo: Maule. Ophunzira chilankhulo tiyenera kuona apa kuti dzina la papepala limagulidwa, koma la pakamwa silimagulidwa.

Vuto lalikulu ndi pakhomo. Mu 2004 timuyi inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, koma mpaka lero ilibe bwalo lakelake. Kamuzu Stadium ndi ya boma, ndipo amasewerapo mobwereka pamodzi ndi adani awo, Manoma. Bwalolo litakanidwa ndi CAF, masewero ena "apakhomo" anakachitikira ku Bingu Stadium ku Lilongwe. Kodi wogulitsa makala ku Machinjiri angapeze kuti ndalama ya basi yokaonera timu yake? Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Bullets bwalo ku Zingwangwa, koma ntchitoyo inayenda mwa kamba.

Ena amati bola timu ikuwina zikho, zina zonse nzachabe. Ine ndikukana. Zikho zimasungidwa mu ofesi, koma chikondi cha timu chimaleredwa pabwalo pomwe bambo amapita ndi mwana wake, monga anachitira malemu agogo anga ndi bambo anga.

Choncho ochemerera tisamangofunsa kuti tagula wosewera uti. Tizifunsanso atsogoleri a timu ndi andale kuti pakhomo pa Maule padzakhala pati, ndipo liti.