Kabokosi ka Intaneti Kafuna Mwini Wocenjera

Mu komboni ya Chunga, kufupi ndi Matero mu mzinda wa Lusaka, kabokosi kochedwa MiFi kayamba kuyenda m'matumba a amalonda ndi ana a sukulu. Mkati mwace muli SIM khadi ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo kamagawira intaneti ku malamya angapo pa nthawi imodzi. Popeza kali ndi batire, kanathandiza mu caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima kwa maola ambiri.

Ubwino wace waukulu ndiwo citetezo. Pa Wi-Fi yaulere ya m'masitolo pamalowa aliyense, ndipo mbala zikhoza kuchera msampha wobera anthu mau ao acinsinsi. Mwini kabokosi amalowera pa khomo lacelace.

Koma khomo lopanda loko silicinjiriza nyumba. Bungwe la ZICTA lifuna kuti SIM khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wace. Motero mlendo akacita cinyengo kupyolera m'kabokosiko, apolisi akhoza kuyambira kwa mwiniyo. Wogula, kaya ku Chunga kaya kumudzi, asinthe tsiku lomwelo mau acinsinsi amene kanabwera nao, ndipo atsopanowo asauze munthu wosamudziwa bwino.