Ukanakhala wina, ukanadzisankha?

Pa Facebook masiku ano aliyense ali ndi mndandanda wa munthu amene afuna kumanga naye banja. Mnyamata wa ku Chawama afuna mkazi woopa Mulungu, wodziwa kuphika, wosagwila foni ya mwamuna, komanso wapanchito kuti azithandizako lendi. Mtsikana wa ku Kabwata afuna mwamuna wamotoka, wosamwa, wokhulupilika, wokhala ku mayadi. Chabwino. Manje tenga mndandanda wako uja, ulembe dzina lako pamwamba, uyambe kuchonga. Upeza mamaki angati?

Iwe mudala, malipilo ako amatha pa 5, theka ku kubecha mpila wa Premier League, theka kwa wa kaloba. Foni yako imagona chafufumimba ngakhale pa nsima. Ukakwiya umamenya chitseko, ndipo mau akuti pepa sanatulukepo pakamwa pako. Mlongo wako atabweletsa munthu wotele pakhomo, ungauze amalume kuti alandile lobola?

Iwe sisi, unalandila ndalama za chilimba mwezi woyamba, kenako unatuluka mu gulu la WhatsApp. Uli ndi wa talk time, wa tsitsi, ndi wina wa mtima. Mng'ono wa amai ako atakufunsa za mtsikana wotele kuti akwatiwe ndi mwana wao, ungamuyamikile?

Ndidziwa yankho lanu: palibe munthu wangwilo, banja limasintha munthu. Limeneli ndiye bodza limene likutipha. Banja si chipatala. Kakhale tsiku limodzi pa benchi ku Local Court ya ku Matero, umve zimene zimathetsa maukwati: nkhongole zobisa, mauthenga a usiku pa foni, mowa, nkhonya. Zambili mwa izo zinalipo kale pa chibwenzi. Ng'oma za chilanga mulilo sizinazichotse, mphatso za kitchen party sizinaziphimbe. Alangizi amakhala ndi mtsikana masiku ambili kumuphunzitsa kupilila, pomwe mnyamata amangouzidwa mau awili atatu. Pambuyo pake timaseka kuti ukwati ni shipikisha club, osafunsa kuti amene akupilila akupililila khalidwe la ndani.

Sindikunena za ndalama. Wogulitsa salaula ku Soweto amene amanena zoona pa zimene wapeza tsikulo ali bwino kuposa wa tayi amene mkazi wake sadziwa malipilo ake. Umphawi tonse timaudziwa, ndipo awili akhoza kuugawana. Bodza ndiye siligawika; amalisenza ni mmodzi chabe, uja wonamizidwa.

Ngati pa mndandanda wako walephela, usaung'ambe. Yamba kuukhoza iwe mwini. Bweza kaloba. Fafaniza manambala aja. Pita ukayezetse magazi usanauze mnzako kuti ayezetse. Phunzila kupepesa popanda kuwonjezela "koma naiwe". Mwana wa eni wake amene ukumufuna nayenso ali ndi mndandanda, ndipo ali ndi ufulu wonse wokuchonga.