Galimoto iyambe yapimidwa musanagule kompyuta bokosi

Nyengo ya kukolola ikafika, galimoto imene yafa pakhomo iimitsa banja lonse, nthawi zina kopaletivu yonse. Tomato sayembekeza makanika, ndipo matumba a cimanga safika ku depoti ya FRA pamutu. Masiku ano mau amene eni magalimoto akumva kawirikawiri ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi ndi akuti, “kompyuta bokosi yapsa, funani ina.” Munthu akamva zimenezi agulitsa ng'ombe kapena atenga kaloba, bokosi ibwera kucokera ku Lusaka, aimanga, koma galimoto osalira. Ife tikuti ndalama zotere zisamatuluke galimoto isanapimidwe mwadongosolo, cifukwa nthawi zambiri bokosi imeneyi inamiziridwa mlandu wa zinthu zina zazing'ono.

Magalimoto amene tinakula nao anali a kabuleta. Makanika wodziwa nchito anali kuchera khutu, kupotoza sikuluu imodzi, basi injini yakhala bwino. Koma Corolla, Vitz, Noah ndi Hiace zimene zilowa m'dziko muno kucokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, pamodzi ndi Hilux za D-4D, ziyendetsedwa ndi kabokosi kochedwa ECU. Kabokosika kalandira uthenga kucokera ku masensa: ina iuza mmene injini izungulirira, ina kutentha kwa madzi, ina kuculuka kwa mpweya wolowa, ina utsi wotuluka. Kakamva zonsezi, kalamula mafuta amene ayenera kulowa ndi nthawi imene mapulagi ayenera kupereka moto. Ndiye cifukwa cake magalimotowa sadya mafuta ngati akale. Walira mvula walira matope: tinafuna galimoto zosadya mafuta, tsopano tibvomere kuti sizikonzedwa mwa kungoganizira.

Bvuto lagona poti zizindikiro za kompyuta yakufa zifanana ndi za matenda ena ambiri. Injini izungulira koma osagwira moto. Galimoto izima yokha ikatentha. Igwedera, isowa mphamvu pa citunda, idya mafuta kopitirira, kapena kanyale ka check engine kayaka. Zonsezi zingabwere cifukwa ca batire yofooka, fyuzi yopsa, relay yotopa, pampu ya mafuta, sensa imodzi yakufa, kapena waya wa earth wocita dzimbiri. Kumudzi kuli mdani wina amene a m'tauni amuiwala. Galimoto imene igona pafupi ndi nkhokwe icezeredwa ndi makoswe, ndipo khoswe mmodzi akadula waya mmodzi, kompyuta yabwinobwino ioneka ngati yafa.

Conco kupima kuli ndi poyambira pake. Coyamba ndi batire. Injini itazima, batire yodzala ionetsa mavolti ngati 12.6, ndipo injini ikulira ayenera kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kenaka mafyuzi, ma relay, mawaya a earth ndi mapulagi olowa ku bokosi. Pambuyo pake ndiye abwera makina opimira, amene alumikizidwa ku kasoketi ka mapini 16 kamene kakhala pansi pa dashibodi kufupi ndi ciwongolero. Njira imeneyi, yochedwa OBD-II, inakhala lamulo ku America kuyambira pa magalimoto a 1996, ndipo maiko a ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi mu 2004 pa a dizilo. Koma magalimoto ena opangidwira msika wa mu Japan momwemo samvana ndi timakina tochipa. Motero makanika akati “makina akana kulankhula ndi kompyuta,” umenewo suli umboni wakuti kompyuta yafa. Mwina makinawo ndiwo osayenera, kapena fyuzi ya kasoketiko yapsa.

Makina akalankhula, apereka manambala, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wowaona ndi kuwalemba papepala. Nambala ya P0335 iloza ku njira ya sensa ya crankshaft. Siinena kuti sensa yafa ndithu. Cingakhale sensa, waya wake, kapena pulagi yake yadzala mafuta ndi fumbi. P0300 inena kuti moto uphonya m'masilinda, ndipo apa ayamba kuyang'anidwa ndi mapulagi ndi makoilo. Manambala monga P0601 ndi P0606 ndiwo aloza m'kati mwa kompyuta mwenimweni. Ngakhale pamenepo, makanika wosamala ayamba watsimikiza kuti magetsi afika bwino ku bokosi, kuti earth ili bwino, ndi kuti bokosiyo ipereka mavolti 5 amene masensa ambiri agwiritsa nchito. Sensa imodzi ikacita shoti, igwetsa mavolti 5 amenewa ndi kuzimitsa zonse. Mukaicotsa sensayo, kompyuta idzuka. Zonsezi zikapimidwa ndi kupezeka zili bwino, pamenepo ndiye tinganene kuti bokosi yatha.

Sitikana, kompyuta ifa ndithu. Koma kawirikawiri siifa yokha, pakhala cimene caipha. Madzi ndiwo woyamba: kutsuka injini ndi paipi ya mphamvu, kuwoloka mtsinje wosefukira m'dzinja, kapena galasi la kutsogolo lodontha, popeza m'magalimoto ambiri bokosi ikhala cakumapazi kwa wokwera kutsogolo. Caciwiri ndi kujampa batire mawaya atasinthanitsidwa, wofiira pa negativi. Cacitatu ndi kuwocherera kariya kapena cokokera ngolo batire ndi bokosi zili zolumikiza. Cacinai ndi cizolowezi cakale cocotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator icaja. Pa galimoto ya kabuleta anthu anali kupulumuka nazo, koma pa ya kompyuta magetsi alumpha ndi kuwocha za m'kati. Koilo kapena injekita yocita shoti nayo ipha bokosi. Makanika amene sangakuuzeni cimene capha bokosi yoyamba adzakuphetsani yaciwiri. Tionjeze kuti mabokosi ambiri a m'zaka za m'ma 1990 abvutika ndi tizipangizo tochedwa capacitor timene tidontha tikakalamba, ndipo munthu wodziwa za mawailesi ndi ma TV akhoza kutisintha pa mtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi bokosi ina.

Ikafika nthawi yogula, safunsa anadya phula. Dzina la galimoto palokha silikwanira. Corolla ziwiri zofanana kunja zingakhale ndi injini zosiyana, ina ya otomatiki ina ya magiya a pamanja, ndipo bokosi ya imodzi siigwira bwino pa inzake. Cofunika ndi nambala yolembedwa pa cikuto ca bokosi yakale. Pa Toyota nambalayi iyamba kawirikawiri ndi 89661, ndipo manambala otsatira ndiwo ayenera kufanana. Cina ndi immobiliser. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi kiyi wokhala ndi kacipu m'kati, ndipo bokosi yacilendo siimudziwa kiyi wanu. Injini idzazungulira osagwira moto kufikira wina wa makina oyenera atazigwirizanitsa, kapena mutagula bokosi, immobiliser ndi kiyi za galimoto imodzi. Funsani mtengo wa nchito imeneyi musanalipire. Tengani risiti yolembedwa nambala ya bokosi, mupangane kuti ikakana mudzabweza, ndipo bokosi yanu yakale muitenge kunyumba, cifukwa ndi katundu wanu. Amene wagulitsidwa cinthu cosagwira nchito akumbukire kuti kuli lamulo la Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la 2010, ndi bungwe la CCPC limene lilandira madandaulo a ogula. Popanda risiti, mlandu wanu uyamba uli wolemala.

Sitikunena kuti amakanika athu ndi akuba. Ambiri ndi ana athu, anaphunzira nchito pansi pa mtengo wa mango kwa akuluakulu amene sanaonepo kompyuta m'galimoto, ndipo makina abwino opimira ndi odula. Nafenso eni magalimoto tiwakankhira ku kuganizira, cifukwa tikana kulipira maola awiri a kupima, koma tilipira mosabvuta cinthu cimene tingacigwire ndi manja. Kupima ndi nchito, ndipo iyenera malipiro ake. Makanika amene anena poyera kuti “apa ine sindikwanitsa, pitani kwa wa magetsi” ayenera ulemu, asasekedwe. Tipempha a TEVETA ndi masukulu a nchito za manja, monga Chipata Trades, kuti akonze maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto oti amakanika amene ali kale pa nchito azikhoza kufikako, makamaka a m'maboma akutali.

Kwa makomiti a makopaletivu ndi makhonsolo a maparishi amene asunga galimoto yogulidwa ndi zopereka za anthu, pempho lathu ndi lakuti msungicuma asatulutse ndalama za kompyuta bokosi asanalandire pepala loyankha mafunso atatu. Makina anaonetsa manambala ati? Ndi zinthu ziti zimene zinapimidwa ndi kupezeka zili bwino? Cimene capha bokosi yakale n'ciani, ndipo cakonzedwa kodi? Makanika wodziwa nchito yake ayankha mafunsowa mosabvutika. Amene akwiya nao, mufunireni mnzake woti apimenso, ngakhale zitanthauze kukoka galimoto mpaka ku boma. Tsiku limodzi locedwa silipweteka ngati kugulitsa ng'ombe yolimira cifukwa ca waya wodulidwa ndi khoswe.