Kanema wa pafoni: mlonda ndinu makolo

Lero tikambirane za kanema wobwera pa intaneti, amene walowa m'nyumba zathu osaodira.

Pomwe TVM imayamba mu 1999, banja lonse limaonera pamodzi pabalaza, ndipo chosayenera chikaoneka aliyense amadziwa kokadandaula. Mpaka lero nyumba zoulutsira mawu ndi kanema za m'dziko muno zimatenga chiphaso ku MACRA. Nanga YouTube? Nanga Netflix, yomwe idafika kuno mu 2016? Eni ake ali ku America, ndipo zomwe amaonetsa sizidzera ku bungwe lathuli. Mwana wanu akaona zolaula pafoni usiku, mukadandaula kwa yani?

Choncho mlonda ndinu. Netflix ili ndi malo a ana okha komanso nambala yachinsinsi yotsekera mafilimu a akuluakulu. Palinso YouTube Kids. Tsekani lero lomwe, musadikire mawa. Ngati namwino ndikukumbutseni malangizo a WHO a mu 2019: mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi patsiku. Tulo ta mwana ndi mankhwala, foni isamagone naye. M'mera mpoyamba.

Tsopano za m'thumba. Malonda amenewa ndi ovuta ngakhale kwa eni ake, chifukwa kugula mafilimu ndi mpira kumadya ndalama zankhaninkhani. Kwesé TV, yomwe idabwera ndi mkokomo, idatseka mu 2019. Netflix idataya makasitomala mu 2022, ndipo mu 2023 idayamba kuletsa anthu a nyumba zosiyana kubwerekana akaunti. Kampani ikapanikizika, katundu imasenzetsa inu.

Kumbukiraninso kuti mumalipira kawiri: kanemayo, kenaka bandulo. Netflix amalipiritsa m'madola, ndiye kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umakwera inu muli mtulo.

Langizo langa ndi ili: khalani pansi awirinu, mugwirizane ndalama ya kanema pamwezi, mutachotsa kale ya ufa, lendi ndi fizi. Pewani anthu ogulitsa akaunti zotchipa pa WhatsApp, ikatsekedwa mulibe kokalira. Ndipo inu abambo, mpira usamalize ndalama ya ndiwo!

Tionane Lamulungu likubwerali.