Makala a m'munda: phindu lili kutsidya kwa malire a esiteti

Amene analimapo pamalo pomwe panali uvuni wa makala amadziwa kuti maungu ndi mpiru zimakondwa pamenepo kuposa pena paliponse. Akatswiri a zaulimi anazitenga zimenezi n'kuzifufuza. Lero akulimbikitsa biochar, makala opangidwa dala kuchokera ku zotsalira za m'munda kuti akwiriridwe m'nthaka. Ngati pali boma loyenera kuimvetsa nkhaniyi msanga, ndi Thyolo.

Dothi lofiira la ku Thyolo lili ndi asidi wambiri chifukwa mvula yochuluka inakokolola michere ina kalekale. Tiyi ndiye amakonda zimenezo, ndipo amakula bwino pH ya nthaka ikakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. N'chifukwa chake esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, ikadali yobiriwira, monganso Makandi, Conforzi ndi Naming'omba. M'minda ya tiyi khasu silitembenuza dothi chaka ndi chaka, ndipo akadulira tiyi, nthambi ndi masamba zimasiyidwa pansi kuti ziphimbe nthaka ndi kuwolerana.

Mukangodumpha malire a esiteti, dothi lomwelo limasanduka mdani. Chimanga ndi nyemba sizigwirizana ndi asidi wotere. Asidiyo akachuluka, aluminiyamu wa m'dothi amapinimbiritsa mizu, ndipo fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa amamangika, mbewu osamupeza. Yureya amene timathira chaka chilichonse amawonjezeranso asidiyo pang'onopang'ono. Mlimi wa kamunda kochepa akamadandaula kuti nthaka inaguga, thumba la feteleza silikuberekanso ngati kale, nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli.

Apa ndi pomwe makala amathandiza. Chitsononkho chikapsa popanda mpweya wokwanira sichisanduka phulusa, chimasanduka khala lodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoto timasunga chinyezi pa ng'amba, timagwira michere kuti isapite ndi madzi, ndiponso timasunga tizilombo tothandiza nthaka. Makala ambiri otere amachepetsanso asidi monga amachitira laimu. Manyowa amatha m'nthaka pakapita zaka zochepa, koma makala amakhalitsa. Ku Amazon, m'dziko la Brazil, kuli dothi lakuda lotchedwa terra preta, lomwe anthu akale analisakaniza ndi makala ndi zinyalala zaka mazanamazana zapitazo, ndipo mpaka pano n'lachonde.

Umboni wapafupi uli ku Zambia. Mu 2013, Gerard Cornelissen ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'malo asanu. Ku Kaoma, pa dothi lamchenga la asidi, makala a zitsononkho okwana matani 4 pa hekitala, othiridwa m'mapando mokha, anachulukitsa chimanga kangapo. M'malo ena kusiyana kunali kochepa. Mu 2017, Simon Jeffery ndi anzake atasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko ambiri anapeza kuti m'madera otentha zokolola zimakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, pomwe m'madera ozizira phindu silinaoneke. Makala amachiza nthaka yodwala. Pa nthaka yachonde kale sasintha zambiri.

Koma tisanamizane, makala si feteleza. Ali ngati nkhokwe: imasunga zomwe mwaikamo, ndipo yopanda kanthu siidyetsa banja. Mukawathira okha atangochoka pamoto, amayamba kumwa nayitirojeni amene mbewu imafuna, chimanga n'kuchita chikasu. Asinjeni, muwasakanize ndi ndowe kapena kompositi, akhale milungu ingapo. Amene amapanga kale manyowa a Mbeya ndi gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono angangowonjezerapo makala osinja.

Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a bungwe la Msuwadzi, achenjere kwambiri. Chothandiza chimanga chingapweteke tiyi ngati chachepetsa asidi mopitirira. Ayambe apimitsa dothi, afunse akatswiri a ku Bvumbwe kapena a Tea Research Foundation ku Mimosa, m'boma la Mulanje. Nthambi zoduliridwa zisachoke m'munda kukawotchedwa, chifukwa zili kale pantchito yake.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti makalawo achokera kuti. Phiri la Thyolo linameteka ife tikuona, ndipo kudula mtengo kuti tikonze nthaka kungakhale kupusa. Zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zilipo, koma ndi zomwe amayi akuphikira, popeza nkhuni zinasowa. Sitingawalande moto wa nsima ya lero powalonjeza chimanga cha chaka chamawa. Chotheka n'chakuti akaphula mphika azizimitsa makala otsala ndi madzi, n'kumawasunga m'thumba mpaka nthawi yokonza mapando.

Zotsalira zochuluka zili kumaesiteti: makoko a makadamiya, komanso nthambi za bulugamu zotsala akadula nkhuni za kufakitale. Kuziwotcha sikufuna makina odula. Njira ya Kon-Tiki, yomwe bungwe la Ithaka la ku Switzerland linayambitsa mu 2014, ingachitike ndi dzenje lotambalala kukamwa, lopanikiza pansi. Mumayatsa moto, n'kumaponyamo zinyalala pang'onopang'ono malawi akuyaka pamwamba, kenako n'kuzimitsa ndi madzi.

Anthu othyola tiyi ndi omwewo olima timinda toguga m'midzi yoyandikana ndi maesiteti. Esiteti yokumba maenje otere n'kugawana makala ndi midzi yozungulira ikhala ikuthandiza antchito ake omwe kukolola chakudya chokwanira. Alangizi nawo akhazikitse minda yachitsanzo: mizere khumi ya makala ndi manyowa, mizere khumi ya manyowa okha, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi. Pokolola, mlimi adzawerenge yekha madengu, n'kusankha ngati ntchitoyo ili yoyenera thukuta lake.