Mtima wa Mayi Wokalamba ndi Mlandu wa Otilamulira

Okondedwa athu mwa Ambuye, akhristu a m'maparishi onse,

Talemba kalata ino chifukwa cha nkhani imene yakhala ikutifika kuchokera m'miphakati, ndipo taona kuti kukhala chete kungakhale kuvomereza. Tiyamba ndi mlongo wathu wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene sitimutchula dzina. Amayi ake, a zaka 79, akhala akubanika kwa chaka chathunthu. Poyamba a pabanja ankati ndi ukalamba chabe. Kenaka gogoyo anayamba kupuma mwawefuwefu pongochoka pakhonde kupita ku nkhokwe, miyendo inatupa, ndipo tsiku lina anakomoka ali pamzere ku chigayo. Atawaunika mtima ku chipatala chachikulu, adokotala anapeza kuti khomo limene magazi amatulukira pochoka mumtima lauma ndipo lachepa, moti mtima ukuvutika kukankha magazi a thupi lonse pa kampata kakang'ono. Mankhwala angachotse madzi m'mapapo ndi kuphwetsa miyendo, koma khomolo sangalitsegule. Chimene chingathandize ndi opaleshoni, ndipo adokotala sanabise: ikhoza kuwaonjezera zaka zina, ikhozanso kuwatenga.

Mlongo wathuyu anafunsa kuti, “Nanga adokotala, opaleshoniyo ichitikira kuti?” Anamuyankha kuti kunja, makamaka ku India. Dzina la amayi ake likhoza kulembedwa pa mndandanda wa odwala amene boma limatumiza kunja, ndipo adikire. Akapanda kudikira, apeze yekha ndalama za ndege, za chipatala ndi za wodikirira wodwala. Pamene tikulemba pano, alongo ake akukangana za kugulitsa dimba la makolo, ndipo onse akuyang'ana kwa iye poti ndiye wophunzira. Usiku sagona. Akavomera, amayi n'kumwalira kutali ndi kwawo, adzamunena kuti anawapereka yekha. Akakana, adzamunena kuti anakonda dimba kuposa mayi wake.

Choyamba timvetse kukula kwa chimene akuopa

Mantha a mlongo wathuyu ali ndi maziko. Pa opaleshoni yotsegula chifuwa, madokotala amadula fupa la pachifuwa, amaimitsa mtima, ndipo kwa nthawi imeneyo makina ndi amene amapopa magazi ndi kuwapatsa mpweya m'malo mwa mtima ndi mapapo. Thupi la mnyamata limapirira zimenezi. Thupi la nkhalamba yofooka limatha kugonja pena: impso kuleka kugwira ntchito, chibayo kulowa, magazi oundana kupita ku ubongo n'kufetsa ziwalo, kapena mutu kusokonezeka kwa masiku angapo wodwala atadzuka. Ena amapulumuka pa tebulo koma osadzayendanso monga kale.

Ilipo njira ina yopepukirapo. M'chaka cha 2002, dokotala Alain Cribier wa ku Rouen, m'dziko la France, anaika khomo latsopano mumtima wa wodwala podzera mumtsempha, osatsegula chifuwa. Lero m'maiko olemera njira imeneyi ndi imene amasankhira okalamba ambiri, ndipo kawirikawiri amalowera pa mtsempha wa m'mphechepeche. Nayonso ili ndi zoopsa zake, ndipo mtengo wake ndi woti mphunzitsi wa ku pulayimale sangaulote. Tikunena izi kuti mudziwe kuti nzeru yopulumutsira gogoyu ilipo pa dziko lapansi, ndipo yakhalapo zaka zoposa makumi awiri. Chimene chikusowa kwathu kuno ndi chifuniro cha amene timawapatsa misonkho yathu.

Atsogoleri amene sachira m'zipatala zimene amatimangira

Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 13, amalamula boma kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira ndiponso kulemekeza ndi kuthandiza okalamba. Mu Epulo 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuti pa ndalama zonse za bajeti, K15 pa K100 iliyonse idzapita ku zaumoyo. Papita zaka zoposa makumi awiri, maboma asinthana, zipani zasinthana mitundu ya nsalu, koma m'zaka zambiri lonjezo limeneli silinakwaniritsidwe.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Munthu sakonza denga la nyumba imene sagonamo. Dr. Kamuzu Banda, amenenso anali dokotala, anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu 1993, ndipo anamwalirira ku Johannesburg mu Novembala 1997. Kwa anansi athu, Levy Mwanawasa anamwalirira ku France mu 2008, Michael Sata ku London mu 2014, Robert Mugabe ku Singapore mu 2019. Sitikunyoza akufa, Mulungu awachitire chifundo monga tifuna kuti adzatichitire ife. Tikungoonetsa chizolowezi: wamkulu akadwala amakwera ndege, wamng'ono amakwera njinga ya kabaza.

Koma mtima sudikira ndege. Pa 5 Epulo 2012 mtima wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika unaima ali ku nyumba ya boma ku Lilongwe, ndipo kumene anathamangira naye ndi ku Kamuzu Central, chipatala chomwecho chimene amayi a ku Mchinji ndi ku Dowa amagonako. Ndege ya ku South Africa inanyamula thupi. Tinkayesa kuti tsiku limenelo liphunzitsa olamula kuti pa ola loopsa aliyense amagwera m'manja mwa chipatala chapafupi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Phunzirolo linaikidwa m'manda pamodzi ndi malirowo.

Adzatiuza kuti dziko ndi losauka. Inde, ndi losauka, ndipo chipinda cha opaleshoni ya mtima chimafuna ndalama zambiri, magetsi osazima, magazi okwanira ndi anamwino odziwa kusamalira odwala mwakayakaya. Koma dziko losaukali linataya ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi ya chaka cha 2013, pa kuba kumene tonse timakutcha Cashgate. Mu 2021 tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19, gawo lake litathera m'malawansi pamene odwala ankasowa mpweya. Anzathu a ku Tanzania, amene sitingawatche olemera, ali ndi Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam, kumene opaleshoni za mtima zimachitika nthawi zonse. Umphawi tili nawo, koma suyenera kusenza milandu ya akuba.

Ndipo kutumiza odwala kunja kukunka kukwera mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chipatala cha ku India sichilandira kwacha. Banja limene linagulitsa ng'ombe lisanafike tsiku limenelo linadzuka m'mawa n'kupeza kuti ng'ombezo zasanduka mbuzi.

Mndandanda umene sitiuona

Apa ndi pamene tifuna mayankho omveka. Mndandanda wa odwala otumizidwa kunja umalipiridwa ndi misonkho ya wogulitsa tomato ndi ya mphunzitsi yemwe uja. Maina a odwala asaululidwe, pakuti matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Koma njira yosankhira si chinsinsi cha munthu aliyense. Unduna wa Zaumoyo uuze Amalawi chaka chilichonse kuti odikira ndi angati, apita ndi angati, amwalira akudikira ndi angati, ndipo ndalama zathera pa yani: pa anthu wamba kapena pa akuluakulu a boma ndi mabanja awo. Utiuzenso poyera ngati zaka za munthu zimawerengedwa posankha. Ngati dokotala anena kuti thupi la gogo silingapirire, chimenecho ndi chiweruzo cha udokotala, ndipo tichilemekeza. Koma ngati gogo akukankhidwira kumbuyo mwakachetechete poganiza kuti wadya kale zake, pamene wachibale wa nduna akudumpha mzere, chimenecho ndi tchimo, ndipo tidzalitchula dzina lake. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Lamulo limene silifika pa benchi ya chipatala ndi pepala chabe.

Tisaiwalenso kuti mitima yambiri imaonongeka ndi zinthu zotchipa kuziletsa. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Zilonda za pakhosi mwa mwana, zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, zimatha kuononga makomo a mtima wake n'kudzamupha ali mnyamata. Chipatala chaching'ono chikasowa makina oyezera BP, kapena chikauza nkhalamba kuti mankhwala atha mukagule, boma limakhala likulemba lokha maina a mawa pa mndandanda wa ku India.

Kwa ife akhristu, amene timakhala naye pafupi

Sitingaloze chala ku Lilongwe manja athu ali akuda. Lamulo lachinayi limatiuza za ulemu kwa makolo, ndipo makolo athu anali atanena kale kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma taona ndi maso athu mmene timachitira. Munthu akadwala timabwera kamodzi, n'kupemphera mofuula, n'kusiya malangizo khumi otsutsana. Akamwalira timabwera ndi nkhuni, ufa ndi makwaya, n'kugona masiku awiri. Chuma chimene timathira pa maliro chikanafika miyezi itatu m'mbuyo, chikanalipira ulendo wa ku chipatala.

Mlongo wathuyu safuna oweruza. Amene mukumuuza kuti “achemwali, limbani mtima, achira basi” mukumutsekera pakamwa, pakuti iye wamva zimene adokotala anena ndipo akufuna wina woti alire naye osamudzudzula. Khalani naye pansi, mumvetsere. Mmodzi amuperekeze kwa adokotala atatenga cholembera, chifukwa munthu wamantha amaiwala theka la zimene wauzidwa. Mukafunse molunjika: mwa okalamba ofooka ngati amayi awa, opaleshoni imawayendera bwanji? Akapanda kuchitidwa, masiku awo adzakhala otani? Akabwerako, adzafuna mankhwala ati, ndipo kodi amapezeka pa chipatala cha kwathu? Wina akagone ku chitando usiku umodzi kuti iye akapume. Wina atenge ana ake. Aphunzitsi anzake agawane makalasi ake.

Chachikulu, mufunseni mwini mtima. Timakonda kukambirana za okalamba kuseri kwa nyumba ngati kuti ndi ana. Gogoyu mutu wake uli bwino. Mwana wake akagwada pafupi n'kunena kuti, “Amayi, adokotala anena zakutizakuti, inu mukuti bwanji?” mtolo umene ukumuthyola khosi ugawika. Mwina amayiwo adzati ndiyesereni. Mwina adzati ndisiyeni ndione zidzukulu zanga pakhonde pano. Mpingo umaphunzitsa momveka kuti munthu sakakamizidwa kulandira chithandizo choopsa kapena cholemetsa kopitirira phindu limene chingabweretse, ndipo kukana chithandizo chotere si kudzipha, sikuphanso. Amene asankha kukhala asatayidwe. Chisamaliro chochepetsa ululu ndi kubanika chilipo, monga cha ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha ku Ndi Moyo ku Salima, ndipo chiyenera kufika pa chipatala cha boma lililonse. Itanani ansembe adzapereke sakramenti la kudzoza odwala nthawi ilipo, asanapite ku opaleshoni. Sakramentili si belu la maliro monga ena amaganizira.

Tidzudzulenso mitundu iwiri ya anthu amene amazungulira nyumba ya wodwala ngati akhwangwala. Oyamba ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, amene amauza nkhalamba kuti itaye mankhwala a mtima posonyeza chikhulupiriro. Kumeneko ndi kuyesa Mulungu ndi moyo wa munthu wina. Achiwiri ndi onong'ona za ufiti: gogo akasokonezeka mutu ndi matenda, amati akuulula, akamwalira, amati mwana wake wakhwimira. Tikukumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 chifukwa cha mphekesera zoterezi. Mkhristu amene afalitsa mawu otere adziwe kuti wanyamula mwala.

Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, ndipo zina ndi zathu. Nafenso tidzifunse kuti ndi okalamba angati amene abwerera pa windo lolipirira.

Tikupempha kuti kalata ino iwerengedwe m'matchalitchi onse Lamulungu likudzali, ndipo ikambidwe m'miphakati m'sabata yotsatira. Mphakati uliwonse ulembe mabanja amene akusamalira kholo lodwala mtima kapena BP, ugawe masiku owachezera, ndipo upereke chiwerengero chawo, popanda maina, ku komiti ya parishi mwezi uno usanathe. Ziwerengerozo tidzapita nazo kwa aphungu a madera athu ndi kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma, pamodzi ndi mafunso amene tafunsa m'kalata muno, ndipo mayankho awo, kapena kukhala chete kwawo, tidzakuwerengerani pa guwa pomwe pano.