Tidye, Koma Tisadzale?

Ife a ku Kwekwe kuno, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Globe and Phoenix, tili ndi abale mbali zonse za malire. Chimanga n'chimodzi, koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake.

Njala itavuta mu 2002, dziko la America linatumiza chimanga cha GMO. Levy Mwanawasa wa ku Zambia anachikana, nachitcha poizoni. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anati chilowe, koma chigayidwe kuti wina asachidzale. Nthawi imeneyo n'kuti South Africa ikuchilima kale, ndipo lero chimanga chambiri kumeneko n'cha mtundu umenewu.

Mwanawasa sindigwirizana naye, koma iye anaima pamodzi. Chondinyansa ine ndi lamulo la mitima iwiri la kuno ku Zimbabwe. Mlimi saloledwa kudzala chimanga cha GMO, koma chilala chikafika, monga mu 2020, boma limatsegula chipata, chimanga chomwecho n'kulowa kupita ku chigayo. Ngati ndi poizoni, mukudyetseranji ana a ku Mbizo ndi Amaveni? Ngati si poizoni, tiuzeni chifukwa chenicheni. Chifukwatu chilipo, ndipo n'chomveka: mbewu zimenezi zili m'manja mwa makampani ochepa monga Bayer, imene inagula Monsanto mu 2018, ndipo mlimi akazolowera amagula chaka ndi chaka. Imeneyo ndi nkhani ya umwini wa mbewu. Musaiveke malaya a zaumoyo.

Ku European Union, chakudya chokhala ndi GMO yopitirira 0.9 peresenti chimalembedwa papaketi. Kuno mayi wogula ufa wa m'kapepala, uja anzathu Achishona amati tsaona, awerenga chiyani?

Pamene tikukangana za GMO, poizoni wodziwika akulowa m'nkhali osafunsidwa chiphaso. Chuku cha m'chimanga chosauma bwino chimatulutsa aflatoxin, imene inapha anthu 125 ku Kenya mu 2004. Ku Zambia komwe kuja, mu 2024, boma linapeza poizoni yemweyu mu ufa agalu pafupifupi 400 atafa. Nanga mercury amene makorokoza amatsukira golide m'mbali mwa mitsinje yathu, akuthera m'nsomba za ndani?

National Biotechnology Authority ilipo, lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo imalondera majini a mbewu. Ine ndikufuna woyeza ufa wa pamsika wa ku Mbizo, zotsatira zake n'kuzimata pakhoma m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa.